Gawuni ndasoketsa kale, sukulu sindinaifufuze

Mwaswera bwanji nonse, ndine bambo a Tadala kuno ku esiteti.

Lero ndachita manyazi. Ndinapita kukiliniki yathu kukayezetsa BP, m'thumba muli kalata ija yomuitana Tadala kukoleji ku Blantyre kukaphunzira ntchito ya kilinikala ofesala. BP chinali chonamizira chabe, ine ndimapita kukadzitama.

Adokotala atawerenga kalatayo anandifunsa funso limodzi: "A kapitawo, sukuluyi ndi yovomerezeka ndi bungwe lopereka ziphaso kwa azachipatala?"

Ine kuyankha kuti, "Ili ndi geti lalikulu, ndipo pachithunzi pali ana ovala zoyera."

Sanaseke. Anatsegula mndandanda pafoni, tinayang'ana kawiri konse, dzina la sukuluyo mulibe. Akuti mwana akhoza kuphunzira zaka zitatu, koma popanda chiphasocho sangaloledwe kubaya munthu jakisoni ngakhale imodzi.

Abale anga, ine amene ndimabweza dengu lonse la wothyola tiyi ndikapezamo tsamba lokhwima, ine wofuna masamba awiri ndi kansonga basi, sukulu ya mwana wanga ndaiyeza ndi geti!

Choipitsitsa, gawuni yoyera ndasoketsa kale kwa telala, pathumba analembapo "Dokotala Tadala". Kutchalitchi ndinalengezanso, amayi mpaka nthungululu.

Tadala sakudziwa kanthu, ali kuchipinda akulongedza chikwama, akuimba. Achemwali, inu ndi amene amakumverani: ndimuuze lero lomwe, kapena tiyambe tapeza sukulu yovomerezeka?

Nanga alamu a kubutchala, gawuniyi ingakukwaneni? Dzinalo titha kusomola.