Fumbi la a Sikelo

Dzina lakuti a Sikelo linawakanirira chifukwa cha ntchito. Kwa zaka makumi awiri ankazungulira m'mabutchala ndi m'magolosale, chikwama cha zitsulo zoyezera chili m'manja, kukonza masikelo onama. Anali munthu wouma pakamwa, woti ukawapatsa moni wautali amakubwezera theka. Koma Loweruka likacha ankavala juzi yong'ambika pachigongono n'kulowa m'kachipinda kamene kanali ka mwana wawo wamkazi asanakwatiwe. M'menemo ankapangamo magitala, aja a nsambo za nailoni.

Tinene zoona, kuimba sankatha. Ankadziwa nyimbo imodzi, nayonso ankaiphonya pakati. Sanagulitsepo gitala ngakhale imodzi. Ina anapatsa mkamwini, ina mphunzitsi wa kwaya, zotsalazo zinkangolendewera pakhoma. Chimene chinawadya mtima ndi thabwa. Ankalipala ndi puleni mpaka lipyapyale ngati katoni, n'kuligwira ndi zala ziwiri pafupi ndi khutu, n'kuligogoda kuti amve kulira kwake. Matabwa a m'mbali ankawanyowetsa n'kuwapinda pa paipi yotentha, pang'onopang'ono, poti ukapupuluma amathyoka. Gitala imodzi inkawatengera miyezi isanu ndi itatu. Munthu akadabwa, ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Vuto linali nyumba. Ankakhala pamwamba pa sitolo ya nsapato, popanda khonde, popanda bwalo. Fumbi la sandipepa linalibe kolowera. Linkadutsa kunsi kwa chitseko n'kukatera pa makapu, pa wailesi, pa mapilo. Akazi awo, amene ankaphunzitsa pasukulu ya mkaka, ankapukuta uku akuwaseka.

"Pitani abambo, mkazi mnzanga akukuitanani. Mumuuze kuti ufa wake wafika mpaka m'shuga."

Atafika pa gitala yachisanu ndi chitatu, a Sikelo anapeza chitseko chakale pa nyumba ina imene ankaigumula. Thabwa lake linali lolimba, louma bwino, lofiira moderako, ndipo fumbi lake linkayabwa m'mphuno ngati tsabola. Chaka chomwecho akazi awo anayamba kutsokomola. Poyamba anati ndi chimfine cha ana a kusukulu. Kenako anati ndi nyengo. Chifuwa chija chinakhazikika, moti akakwera masitepe ankaima kawiri panjira, m'chifuwa mukulira ngati kamluzu.

Tsono mng'ono wa mayiwo anabereka, ndipo iwo anapita kukamuthandiza masabata atatu. Pobwera anakwera masitepe onse osaima, chikwama chili kumutu, akuimba. Patangotha masiku anayi, kamluzu kaja kanabwerera.

A Sikelo ndi munthu woyeza zinthu, choncho anayeza. Ananama kuti guluu watha, n'kutseka kachipinda masiku khumi. Chifuwa chinachepa. Anayambiranso kupala, chifuwa chinabwerera. Apa panalibenso chokayikitsa, koma sanauze munthu. Anayamba kuika thaulo lonyowa kunsi kwa chitseko ndi kukolopa okha madzulo, mpaka akazi awo kuwayamikira kuti akula. Apa n'kuti ali pa gitala yakhumi, ndipo mumtima ankati, ndingomaliza imeneyi basi. Thabwa lake linkalira kuposa onse amene anawagwirapo, ndipo kulisiya panjira kunkawapweteka ngati kusiya mwana pa depoti. Munthu ukafuna kudzinamiza, zifukwa sizisowa.

Loweruka lina masana, ali pakati popala, anamva mbale ikusweka kukhitchini. Anapeza akazi awo atagwira sinki ndi manja onse awiri, kukamwa yasa, mpweya ukukana kulowa. Mwini sitolo ya nsapato ndiye anawathamangitsira kuchipatala pa galimoto yake.

Dokotala anali mayi wachitsikana wosachedwa ndi nkhani. Atawaika chopumira wodwalayo, anati ndi mphumu, n'kutembenukira kwa onse awiri.

"Kunyumba kuli chiyani? Mphaka? Wosuta fodya? Fumbi?"

A Sikelo asanayankhe, akazi awo anasuntha chopumira chija pang'ono.

"Kulibe, adokotala. Nyumba yathu ndi yaukhondo."

Dokotala anayang'ana juzi ya a Sikelo, imene m'makwinya mwake munali mofiira, kenako anawayang'ana kumaso, n'kuweramira pa pepala lake. A Sikelo anatuluka thukuta m'chipinda chozizira, ndipo manyazi amene anawagwira sanawamvepo chibadwire.

Wodwala anatuluka patatha masiku awiri. Madzulo ake anakhala pa mpando wa pabalaza, kabotolo kopopera m'kamwa kali pamiyendo. A Sikelo anazungulirazungulira, kuwongola nsalu ya patebulo imene inali yowongoka kale, kenako anakhala pansi.

"Amayi, chifuwa chanuchi ndi fumbi langa lija."

"Mwadziwa liti?"

"Papita miyezi iwiri."

"Ine chaka chatha." Anaseka pang'ono, kusekako n'kusanduka chifuwa. "Mumayesa za guluu zija ndinakhulupirira? Chitini chinali chodzaza kunsi kwa tebulo. Wosesa umo ndine, abambo."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndimadikira kuti munene ndinu. Komanso ndikanayambira pati? Sabata yonse mumabwera nkhope ili gwa, ngati mwakwiyira dziko. Mukalowa umo mumatuluka muli munthu, mpaka kundifunsa kuti ndaswera bwanji. Ndikanakulandani zimenezo?"

Panja mwini sitolo ankakoka chitseko chake chachitsulo.

"Tsono ndiuzeni," anatero mayiwo. "Kwatsala nthawi yaitali bwanji kuti muimalize gitalayo?"

Yankho loyenera linalipo, ndipo mwamuna aliyense wanzeru akulidziwa. Koma pakamwa panathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

"Masabata atatu. Kwatsala kumsana, khosi, kenako vanishi."

Anazimva okha mawuwo atatuluka kale. Akazi awo anawayang'ana nthawi yaitali, osati mokwiya, ndipo kusakwiyako ndiko kunapweteka kwambiri.

"Chabwino. Ndikakhala kwa mng'ono wanga. Kusukulu ndipempha tchuthi cha matenda."

Loweruka m'mawa a Sikelo ananyamula chikwama mpaka ku depoti. Njira yonse ankadikira kuti pakamwa pawo panene kuti tiyeni tibwerere. Anagula tikiti, anawapezera mpando wa pawindo, anawakumbutsa za mankhwala. Basi inanyamuka.

Kunyumba kunali zii. Anadziuza kuti angolowa kukafunditsa matabwa nsalu. Atalowa anaona pena pake posasalala, n'kutenga sandipepa kuti angokonza pamenepo pokha. Panalibe thaulo loika kunsi kwa chitseko, panalibe khutu lotchera kukhitchini. Manja anayenda okha, ndipo ntchito inakoma kuposa tsiku lina lililonse pa zaka zonsezo. Cha m'ma folo koloko anadzidzimuka atazindikira kuti akuimba mluzu.

Foni inalira m'thumba. Unali uthenga wochokera kwa akazi awo: "Ndafika bwino. Musapupulume, ipangeni bwino."

Anakhala pa kampando, mtima ukuwawa ngati wapsa. Ankawakonda mayiwo, pamenepo panalibe bodza, ndipo anachita mantha ndi munthu amene anali ataimba mluzu uja. Ndi chala chofiira ndi fumbi analemba kuti: "Bwererani mawa, ndasiya."

Anawerenga kawiri, anaona kuti si zoona, n'kufufuta.