Wapolisi Wachilendo pa Msika wa Matundo

Titabwerako ku Malawi nkhondo ya kwathu itatha, ndinkagulitsa batata ya ku Angónia pamsika wa ku Matundo. Pa wailesi ankanena kuti maiko oyandikana agwirizana kuti apolisi awo azithandizana kusaka mfuti ndi magalimoto obedwa. Ine sindinkakhulupirira kuti akusaka zimenezo zokha.

Tsiku lina apolisi akwathu anabwera ndi mnzawo wovala yunifolomu yachilendo. Mlendoyo anaima pamalo panga n'kundilankhula Chichewa cha ku Dedza, kumene ndinakhala zaka zambiri monga wothawa nkhondo.

"Mayi, nkhope yanuyi ndikuidziwa. Simunakhaleko kwathu inu?"

Ndinaganiza za mlongo wanga amene anatsalira komweko wopanda mapepala. Ndinamuyankha wapolisiyo m'Chinyungwe, chilankhulo chakwathu, kuti sindikumva zimene akunena.

Anaseka, anagula batata, n'kumapita. Amayi anzanga anati munthuyo anangokondwa kuona nkhope yodziwika, ndipo mwina ankanena zoona. Koma ine m'mawa mwake ndinasenza thumba langa n'kukagulitsira kumsika wina ku Degue, ndipo ku Matundo ndinabwererako mvula itayamba.