Tsiku Lomwe Kompyuta Inakana Kubwerera M'mbuyo

Nditalembedwa ntchito yoyang'anira makompyuta pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndinapeza anthu atazolowera kale kusaina mapangano a ntchito ndi chala pagalasi la kamakina. Chomwe chinandinyansa chinali tsiku lolembedwa pansi pa siginecha. Linkachokera ku wotchi ya kompyuta ya muofesi momwemo, ndipo wotchiyo aliyense ankatha kuipotoza mmene wafunira. Ine zinthu zokhota sindigwirizana nazo. Ngakhale chithunzi chopendekeka pakhoma la eni ake ndimadzuka n'kuchiwongola.

Choncho ndinawonjezera mizere ingapo mu pulogalamu yathu. Munthu akangosaina, kompyuta inkatumiza chizindikiro cha chikalatacho ku makina akutali omwe ntchito yawo ndi kusunga nthawi basi. Makinawo ankabweza chidindo cha tsiku ndi ola, chomatirira pa siginecha moti ukachisintha, siginecha yonse imafa. Zitatheka ndinayenda mwamatama sabata yonse.

Akalaliki athu, bambo wa imvi wokonda nthabwala, anangopukusa mutu. "Achimwene, mwatseka chitseko, mwatsekanso ndi zenera lomwe." Ndinaseka nawo osafunsa kuti akutanthauza chiyani.

Mvula itayandikira, inafika nthawi yolemba othyola tiyi a m'dzinja, ndipo kulembako kunali ndi tsiku lotsekera. Mayi anga aakulu, omwe anayamba kuthyola tiyi ine ndili kumsana, anali pamaliro a apongozi awo ku Thekerani. Kwathu mkamwana sachoka pamaliro asanasese. Anafika ku ofesi m'mawa, kulemba kutatsekedwa dzulo lake, chitenje chikununkhabe utsi wa pasiwa, alibe nkhawa ngakhale pang'ono.

Apa m'pamene ndinadziwa za zenera lija. Zaka zonsezo, munthu akachedwa chifukwa cha maliro kapena mwana wodwala, akalaliki ankabweza tsiku la kompyuta m'mbuyo, munthu n'kusaina, nkhani n'kuthera pomwepo. Aliyense ankadziwa, mabwana ankangoyang'ana kumbali. Tsiku limenelo akalaliki anayesanso ine ndikuona. Mayi anasaina, chidindo chinabwera, ndipo chinanena tsiku lenileni.

"Mwanawe, akuti ndiwe unakonza zimenezi," anatero mayi. "Tauza makina akowo kuti ndinali pamaliro."

"Amayi, samva zimenezo. Amangodziwa nthawi."

"Kwawoko saferedwa?"

Akalaliki anayamba kusanja mapepala omwe anali osanja kale.

Ndinathamangira kwa amanijala, munthu wochokera kumpoto, waulemu ndithu. Ndinalankhula mpaka thukuta. Anandimvetsera bwino, kenaka anati malo adzaza, ndipo oyendera mabuku akaona chidindo chochedwa afunsa chifukwa chomwe mbale wa wogwira ntchito muofesi wakonderedwa. Anavomera chinthu chimodzi: kuti pakhale lamulo lolembedwa loti woferedwa azipatsidwa masiku owonjezera. Lamulolo linayamba chaka chotsatira, ndipo lathandiza anthu ambiri.

Koma mayi sanabwerenso. Dzinja limenelo mzere wawo anathyola mtsikana wa manja achangu, ndipo pofika chaka chinacho mawondo awo anali atazolowera kukhala pansi. Tsopano amagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu ku Masambanjati.

Ndaganiza za nkhaniyi kambirimbiri. Wotchi yopotoza ija inkathandiza oferedwa, inde, koma ikanathanso kuchotsa munthu ntchito pa tsiku lomwe sanalakwe, iye wopanda poloza. Nditati ndiyambirenso, chidindocho ndingachiikebe. Kungoti chifundo chathu tinachibisa m'wotchi m'malo mochilemba poyera, ndipo ine pokonza wotchi sindinadziwe kuti muli chifundo. Zimandiwawa mpaka lero.

Mayi sanandidzudzulepo. Ndikapita kukawaona amandifunsa ngati mphukira zatuluka bwino, ngati kapitawo wawo akadali wolongolola, ngati anzawo a mumzere amawatchulako. Ndimayankha zonse bwinobwino, koma mumtima ndimalakalaka akanangondilalatira.