Ndinayambitsa Chipani Pothawa Kutsuka Mapoto

Inu owerenga, ine ndine mayi amene ndinatsala pang'ono kumangitsa mnzanga wapamtima chifukwa chothawa kutsuka mapoto. Musaseke. Zonse ndikuuzenizi n'zoona, ndipo pomwe muone ngati ndathira mchere wambiri, dziwani kuti pamenepo ndachita kuchepetsa.

Zinachitika nthawi ya chipani chimodzi, masiku amene munthu pofuna kutsokomola unkayamba wacheuka. Ine kwathu n'kumpoto. Ku Nkhotakota ndinabwera chifukwa cha banja, bambo a kunyumba anali telala pa boma. Chichewa ndinachiphunzira pa wayilesi, ndipo ndinkachiyankhula monyada kotero kuti ngakhale pogula usipa ndinkamveka ngati ndikuwerenga nkhani za dziko lonse. Anzanga anandipatsa dzina loti a Wayilesi. Ine ndinkayesa akunditama.

Anzangawo anali a kalabu yathu ya amayi. Inalibe dzina, inalibe ofesi. Mwezi uno tikumane kwa uyu, mwezi wamawa kwa uja, kumwa tiyi wa zitumbuwa, kusoka, kuvina chiwoda, n'kuwajeda amuna athu mpaka makutu awo kuyabwa ali kunyanja. Munali Asilamu, Akhristu, eni nthaka ndi ife obwera. Wotitsogolera anali Abiti Selemani, mayi wogulitsa mpunga pamsika. Ndiwo anandilandira ndili mlendo, n'kundiphunzitsa kuphika mpunga wa faya osausandutsa phala.

Lamulo tinali nalo limodzi: wotchula mawu a Chingerezi pa macheza athu, atsuka mapoto onse a tsikulo. Linabwera chifukwa cha mkazi wa kalaliki wina amene ankatilonjera, kutiseka ndi kutitsanzika m'Chingerezi. Mayiyo anatsuka mapoto mpaka zala zinafupika. Ine ndinali ndisanatsukepo ngakhale supuni, ndipo ndinkaonetsetsa kuti aliyense akudziwa zimenezo. Mudziwenso kuti poto wamkulu wa kalabu sanali wamasewera. Ukagwetseramo chikho, phokoso lake linkamveka mawa lake. Ndikulumbira.

Chaka china titatha kukolola, a Nachisale, mayi wachikulire amene ankavina kutiposa tonse mpaka kutisiya tili wefuwefu, anati tikacheze kwawo ku Liwaladzi, kuli mchenga woyera. Mkamwini wawo wa kumeneko anatitumizira mbuzi, ashehe n'kutichinjira kuti tonse tidye. Tinaphika mpunga ndi nyamayo, n'kukwera lole yonyamula mpunga. Fumbi la msewu umenewo silinenedwa. Powoloka mtsinje wa Bua tonse tinali titafanana nkhope, moti mayi wina anayamwitsa mwana wa mnzake mpaka kukhuta, osadziwa. Mboni zilipo.

Tikuyandikira Liwaladzi tinapeza chingwe pamsewu, anyamata oona makadi a chipani ataima. Sitinaope, makadi tonse tinali nawo. Amayi ankangoimba, Abiti ali kutsogolo ndi dalaivala, mwana wawo woyamwa ali pamiyendo. Ine ndinali kumapeto kwa lole, ndiye mnyamata wina anandifunsa ine: “Amayi, ulendo wa kuti ndi mapoto onsewa?”

Pakamwa panga panali patafika kale mawu a Chingerezi oti pate, monga ankanenera anthu a pa boma. Koma pambali panga panali mkazi wa kalaliki uja, makutu ali tcheru, akudikira tsiku langa. Ndinayang'ana poto wamkulu, nayenso anandiyang'ana. Mawu oti phwando ndinkawadziwa, koma ndinkawaona ngati a kumudzi. Ndinakumbuka kuti pa wayilesi, pomwe owerenga nkhani m'Chingerezi anena kuti pate, a m'Chichewa amati chipani. Ndinayesa kuti kwathu kunonso mawu amodzi amasenza mitolo iwiri. Ndinakonza mpango, n'kuyankha mokweza kuti tikupita ku chipani chathu.

Mnyamatayo anafunsa kuti chipani chake chiti. Ndinati cha amayi okhaokha, tinayamba kale, dzina lokha ndilo sitinasankhe. Anafunsa ngati tili ndi mtsogoleri. Inu owerenga, apa munthu wanzeru akanamva fungo la utsi. Ine ndinaloza kutsogolo ndi chala, n'kutchula dzina lonse: Abiti Selemani.

Nyimbo inaduka pakati pa mawu. Injini ya lole inazima yokha ndi mantha. Mbuzi yophikaphika ija inayamba kunjenjemera m'poto, chivundikiro chili gwedegwede. Ndinaona ndi maso angawa.

Apa nthabwala ndiziike pansi pang'ono. Masiku amenewo munthu akatengedwa pa nkhani ngati iyi, tinkangomva kuti wapita kukafunsidwa mafunso, ndipo ena mafunsowo sankatha. Anyamata anawatsitsa Abiti kuti apite nawo kwa tcheyamani wa deralo. Abiti sanalire, sanakuwe. Anabwera kumapeto kwa lole, n'kundipatsa mwana wawo, ine yemwe ndawapachika.

“Gwirani mwanayu, a Wayilesi,” anatero. “Akalira musamuyankhule, mungamumangitse.”

Ndinamulandira n'kumubereka kumsana. Chichewa changa chonse chinathawa, n'kutsala Chitumbuka cha amayi anga, chomwe ndinali nditachibisa zaka zonsezo.

A Nachisale ndiwo anayamba kutsika. Anasenza poto wa nyama, n'kunena kuti kumene akupita Abiti n'kumene kuli macheza. Wachiwiri anali mkazi wa kalaliki uja, amene ndinkamuyesa mdani. Kenako tonse, aliyense ndi poto kapena dengu pamutu, tili ndondondo pambuyo pa anyamatawo. Palibe anatsala m'lole. Palibenso anandinyoza panjira, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa mbama.

Tcheyamani anatuluka m'nyumba chifuwa chili patsogolo, maso ali psu, atamva kuti kwagwidwa chipani chatsopano. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, n'kuona a Nachisale. Inu owerenga, tcheyamaniyo ndiye anali mkamwini uja. Mwa mwambo wa kumeneko, mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi. Bamboyo anakhota ngati njinga yopanda mabuleki, n'kukanjuta kuseri kwa nkhokwe. Mlandu wonse anauweruza ali komweko. Ife tinkangoona zala za kumapazi.

A Nachisale nawo anatembenuka kuyang'ana kutchire, n'kuyankhula kwa mnyamata wa chingwe uja. “Iwe, kawauze akamwiniwo kuti ngati ichi n'chipani, ine ndine wachiwiri kwa mtsogoleri. Uwauzenso kuti mbuzi ya chipanichi anapereka ndi iwo. Nayi m'potomu, abwere aizindikire.”

Kuseri kwa nkhokwe thukuta la bamboyo linayenderera pansi mpaka nkhuku zinabwera kudzamwa. Kenako kunamveka mawu aang'ono, ofunsa kuti mayi amene anayankha pachingwe paja kwawo n'kuti.

Ndinagwada, mwana ali kumsana. Ndinavomera pamaso pa anthu onse kuti ndine wakumpoto, Chichewa ndinachita kutola pa wayilesi, ndipo china ndinatola chowola. Ndinafotokoza za lamulo la mapoto, lilime likusakaniza ziyankhulo ziwiri ngati mpunga ndi nyemba.

“Kodi mayi,” anafunsa mawu a kunkhokwe aja, “simumafuna kunena kuti phwando?”

Ndinati phwando, adada, phwando. Ndinalibwereza mpaka agalu a m'mudzimo analoweza.

Tcheyamani anauza anyamatawo kuti amva okha, palibe chipani apa, pali mayi wosadziwa Chichewa basi. Mawu amenewo, tsiku lina lililonse, akanandidwalitsa malungo. Tsiku limenelo anandikomera kuposa uchi. Abiti anamasulidwa, n'kubwera kudzatenga mwana wawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Walahi, wayilesi iyi ikufunika kuchotsa mabatire.” Amayi onse anaphulika kuseka, ine ndikulira.

Kumchenga tinafikabe. Tinadya, tinasamba, tinavina chiwoda, anyamata a chingwe aja tinawagawira mpunga. Tcheyamani tinamutumizira mwendo wa mbuzi yake yomwe. Nanga mapoto? Kalabu inagamula kuti ngakhale sindinatchule Chingerezi pakamwa, ndinachitchula mumtima. Ndinatsuka onse. Poto wamkulu uja ndinachita kulowamo, anzanga atandimangirira chingwe m'chiuno.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, mawu amene mukuwadziwa bwino musamawataye pothamangira aakulu. Chimene simukuchidziwa, funsani, kufunsa sikumangitsa munthu. Ndipo ngati muli ndi anzanu amene mumamwa nawo tiyi n'kumaseka zopanda mutu, musalole wina akuuzeni kuti n'kutaya nthawi. Anthu amenewo mudzawadziwa tsiku limene mmodzi wa inu adzatsitsidwe m'lole.

Kalabu yathu ikadalipo, ngakhale chiwoda tsopano timavina titakhala pansi. Dzina tilibe mpaka lero. Mwana uja anakula, ndipo pa ukwati wake Abiti anandiitana ine kuti ndilandire alendo ndi mawu. Ndisanaimirire anandikoka chitenje, n'kundinong'oneza kuti ndiyambe ndawauza iwo kaye zomwe ndikufuna kunena, liwu ndi liwu.