Mzere Wachitatu, Achemwali

Achemwali, lero pulogalamu yanga ya pakompyuta, yolembedwa m'chinenero cha Haskell, inakana kuyenda. Ndinatseka laputopu n'kutenga pepala, monga munandiphunzitsira tsiku lija m'minibasi ya ku Monkey Bay. Ndinkadandaula kuti lambda calculus ndi masamu otayitsa nthawi. Munatsamiritsa kope pabondo n'kunena kuti, "Iwe, fankishoni imangolandira chinthu n'kubweza china, basi. Ukamadziwa kuiyendetsa wekha pamanja, mzere ndi mzere, umaona pamene wadzinamiza. Kompyuta imangochita zimene wailamula."

Ndayendetsa pamanja, ndipo cholakwikacho ndachipeza pamzere wachitatu. Sindinasangalale, sindinalirenso. Ndangojambula pepalalo ndi foni n'kulitumiza pa nambala yanu. Mawa tikukachita sadaka ya arobaini yanu kwa Mponda, masiku makumi anayi chikuikireni m'manda. Uthengawo ukadali pa tiki imodzi, sunakufikeni.