Tsiku Limene Foni Inati Filiji Ndi Yotsekula

Mpaka lero ndikamva munthu akunena kuti makina sanama, ndimapsa mtima. Ndimafuna kumugwira pamkono ndi kumukhazika pansi, ndimuuze zimene kachipangizo kopangidwa ndi manja angawa kanawachita bambo wachikulire wosalakwa.

Ine kwathu ndi ku Ntengo-Wambalame, kwa alimi a mbatatesi, koma ntchito ya zaumoyo inakanditaya ku Macanga, pa kachipatala kakang'ono kuseri kwa Chidzolomondo. Tinalipo atatu basi: ine tekiniko woona za katemera, mayi mzamba, ndi bambo wina amene tonse tinkangowatchula kuti aserivente. Ntchito yawo inali kusesa, kutunga madzi, kuwiritsa zida ndi kusunga makiyi. Anali atagwira pamenepo zaka zoposa makumi awiri, ndipo kunatsala zaka ziwiri zokha kuti apume ndi ulemu wawo. Ine ndikachokapo, iwo ndiwo ankayang'anira filiji ya katemera. M'mawa ndi madzulo ankawerenga kachipangizo koyeza kuzizira n'kulemba nambala papepala lomata pakhoma, ndi zilembo zazikulu zopendekeka, osaphonya ngakhale Lamulungu.

Filijiyo inali ya chivindikiro cha pamwamba, yoyendera mphamvu ya dzuwa. Tsiku lina makoswe anatafuna waya wake, tinazindikira dzuwa litapendeka kale, mtima uli m'mwamba. Pamenepo m'pamene ndinaganiza zopanga mlonda wanga. Chiyambire ubwana ndine munthu wokonda kumasula mawailesi, ndiye mnzanga wa mumzinda wa Tete atanditumizira kabolodi ka magetsi kochepa ngati bokosi la machesi, ndinapeza chochita. Kabolodiko kali ndi kaubongo kake ndi timiyendo tolumikizira mawaya, ndipo kamwendo kalikonse kamadziwa mawu awiri okha, eya kapena ayi. Kumodzi ndinalumikiza kaswitchi ka maginito ka pachivindikiro, kwina ndinalumikiza waya wochokera kudenga. Zimene kamva, kabolodiko kankanong'oneza foni yanga kudzera pa bulututhi uja wosadya batire. Mabatire awiri a tochi ankatha miyezi. Ndili m'chipinda choonera odwala, ndinkangosuzumira pafoni. Chivindikiro chikakhala chotseka pankalembedwa FECHADA mobiriwira, chikatsekulidwa pankabwera ABERTA mofiira.

Koma kunong'ona sikufika patali. Ukangodutsa mtengo wa mango umene unali pakhomo la chipatala, foni ndi kabolodi zinkatayana. Ndipo kapulogalamu ka pafoni ndinakalemba mwaulesi. Zikatayana, sikankanena kuti sindikumvanso. Kankangokakamira mawu omaliza amene kanamva, n'kumawerengera maola kuchokera pamenepo. Ndinkadziwa bwinobwino za chilema chimenechi. Ndinkangoti ndidzakonza Loweruka, Loweruka lake osafika.

Ashefi athu oyendera zipatala atabwera n'kuona kanthuko, anachita nako chidwi zedi. Anali munthu wa nsapato zonyezimira, amene akafika kumudziko ankayenda monyang'ama poopa fumbi. Anatsekula filiji, kutseka, kutsekulanso, maso ali pafoni, akuseka ngati mwana. Anati dzina langa akalitchula kwa akuluakulu kuchigawo. Ine mutu unakula. Za mtengo wa mango zija sindinawauze.

Ndiye kunabwera msonkhano wa masiku awiri ku boma, m'mwezi wa chisanu, ndipo pobwerera ndinayenera kutenga katemera watsopano. M'mawa wa Lolemba ndinapeza mwayi wa lole ya fodya. Woyendetsa ankaliza hutala ngati kwayaka moto. Aserivente anatsekula filiji, kunditulutsira mabotolo a madzi ozizira oika m'bokosi lonyamulira katemera, ine n'kutsomphola bokosilo ndi kuthamanga. Ndinawasiya atawerama m'filijimo akubwezera zinthu m'malo mwake, chivindikiro chili m'mwamba.

Lachiwiri masana, msonkhano uli pakati, ashefi anaimirira n'kunena kuti pakati pathu pali katswiri, ndionetse anzanga nzeru zanga. Ndinatulutsa foni monyadira, ndinawapatsa osayang'anapo. Nkhope yawo inasintha. Anaikweza m'mwamba kuti onse aone. ABERTA, mofiira, kuyambira dzulo m'mawa.

M'chipindamo munabuka phokoso. Wina anati katemera yense waonongeka, wina anati anthu okalambawa n'chifukwa chake amafunika kuwapumitsa. Ine ndinadziwa nthawi yomweyo chimene chachitika. Foni inamva chivindikiro chili chotsekula, lole n'kundidutsitsa pamtengo wa mango, basi. Mawu ofotokozera zimenezi anali ochepa, akanatha m'mpweya umodzi. Koma maso a anzanga makumi atatu anali pa ine, katswiri uja, ndipo kunena zoona kunali kuvomera kuti kachipangizo kanga n'kopunduka. Ndinangoti, "Tikaone komweko, shefi."

Tinanyamuka pa galimoto yawo madzulo omwewo. Titangodutsa mtengo wa mango, foni inasintha n'kukhala yobiriwira. Ndinapuma, ndimvekere nkhani yatha yokha. Ashefi anayang'ana n'kugwedeza mutu.

"Mwaona? Mkulu uja wamva kulira kwa galimoto, wathamangira kukatseka."

Pakhonde panali amayi ochuluka ndi ana awo, odikira amzamba. Aserivente anatuluka ndi tsache m'manja, kudzatilandira ndi nkhope ya chimwemwe. Ashefi sanayankhe moni. Analowa molunjika kufiliji. Koyezera kuzizira kanali pamalo pake penipeni. Timadontho ta pamabotolo a katemera, timene timada mankhwala akatenthedwa, tinali toyera bwinobwino. Papepala la pakhoma manambala anayi a masiku awiriwo anali pomwepo. Munthu aliyense amene anagwirako filiji amadziwa kuti singakhale yasa usana ndi usiku mpaka usana wina n'kukhalabe yozizira choncho. Koma ashefi anali ndi yankho pa chilichonse. Kuzizirako akuti ndi mwayi wa nyengo ya chisanu. Manambalawo akuti munthu amatha kulemba ali pansi pa mtengo.

Anawaitanira aserivente pakhonde pomwepo, pamaso pa amayi aja, ena a iwo adzukulu enieni a bambowo. Anayamba kuwakalipira m'Chipwitikizi chothamanga chimene bambowo ankangotolako mawu amodziamodzi. Aserivente anavula chipewa, anagwira manja kumbuyo, maso pansi. Anthu a msinkhu wawo kwathu kuno satsutsana ndi wamkulu pagulu. Amamvetsera mpaka amalize, mkwiyo uzizire, kenako mawa lake amatuma munthu kapena kupita okha kukafotokoza mbali yawo mofatsa. Ndiye ashefi akapuma, iwo ankangoti, "Ndamva, shefi. Sim, shefi."

"Mwamva nonse," anatero ashefi akutembenukira kwa ife. "Wavomera yekha."

Kuvomera kwake kuti? Munthu wobadwira m'dziko lomweli, woyamwa chilankhulo chomwechi, angalephere bwanji kusiyanitsa ulemu ndi kuvomera mlandu? Anadziwa. Ndikunenetsa kuti anadziwa, koma anali ataonetsa kale msonkhano wonse kuti pali wolakwa, ndipo sakanabwerera chimanjamanja. Analanda makiyi m'thumba la bambowo, kuwapereka kwa amzamba, n'kuwauza aserivente kuti ayambe akhala kunyumba mpaka nkhani yawo iweruzidwe. Anawonjeza kuti kunyalanyaza katemera wa ana ndi mlandu wochotsetsa ntchito, zaka makumi awiri kapena ayi.

Ndinawatsatira kugalimoto. Kumeneko, kopanda wondimva, m'pamene ndinayamba kung'ung'udza kuti mwina foniyo inangosunga za dzulo, chifukwa bulututhi safika patali.

"Tekiniko, musamuikire kumbuyo," anandidula. "Máquina não mente. Makina sanama, amanama ndi anthu." Anatseka chitseko, galimoto n'kutisiyira fumbi.

Masabata atatu otsatira anali owawa. Madzi tinkatunga tokha ndi amzamba, amene anasiya kundilankhula kupatula za ntchito. M'mudzi nkhani inali itasanduka kale. Ena ankati bambowo anaononga katemera dala, ena ankati ankaikamo nyama yawo. Mayi wina anakana kubayitsa mwana wake, amvekere mankhwala a pano ndi owola. Ndinawalembera ashefi kalata yofotokoza zonse, sinayankhidwe. Ndinaimba foni kangapo, ndikukwera pachulu pofuna netiweki, ankangoti ali pamsonkhano. Pomaliza ndinakwera njinga yamoto mpaka ku ofesi yawo, ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, n'kuwauza kuti sindichoka mpaka atalonjeza kubwera kudzaona ndi maso awo. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma Lachisanu lake anabwera.

Chionetsero chake sichinatenge ngakhale mphindi zisanu. Amzamba anatsekula chivindikiro, foni inafiira. Ndinawapatsa ashefi foniyo kuti aigwire okha, tinayenda limodzi mpaka kupitirira mtengo wa mango. Ndinakuwa kuti amzamba atseke. Anatseka mwamphamvu, kugunda kwake kunamveka mpaka pamene tinaimapo. Foni inakhalabe yofiira. Ndinawauza kuti akhoza kupita nayo mpaka ku Tete, idzanenabe zomwezo chaka chonse. Tinabwerera masitepe asanu, inabiriwira.

Ndinkayembekeza kuti munthuyo agwa nkhope. Ayi ndithu. Anaseka, kundibwezera foni ndi nsonga za zala ngati yagwera m'matope.

"Ndiye kuti kachidole kanuka n'kachabechabe. Mukachotse, kasatisokoneze."

Ndinafunsa za aserivente. Anati abwerere ku ntchito Lolemba, palibe vuto. Ndinafunsa ngati angapite kukawauza okha, kapena kunena mawu awiri pakhonde lomwe lija, poti lero ndi tsiku la sikelo ndipo amayi adzaza. Anayang'ana wotchi. Anati boma silipepesa kwa serivente, ndipo chikalata chimene iwo analemba choneneza bambowo chinapita kale, chizingokhala m'faelo, sichiluma munthu. Kuchititsa munthu manyazi anapeza nthawi yoyenda ulendo wonse uja tsiku lomwelo, koma mphindi imodzi yomuyeretsa inasowa. Ndi mkwiyo, ndinawasiya pomwepo osatsazika.

Makiyi ndinapita nawo ndekha madzulo ake. Ndinawapeza bambowo pakhomo pawo akutonola chimanga pamphasa, ataonda moonekeratu. Anandilandira ndi manja awiri, anatuma akazi awo kunditengera mpando, anafunsa za amzamba, za ana obadwa kumene, ngakhale za makoswe a kudenga. Ndinawafotokozera zonse mwachangu, mmene ndinavutikira, kalata, ulendo wa ku ofesi, chionetsero cha pamtengo wa mango. Ndinawatukwaniranso ashefi pang'ono, ndikuyesa kuti ziwasangalatsa. Ankamvetsera akutonolabe, osakweza mutu.

Nditamaliza ndinatambasula dzanja ndi makiyi. Sanawalandire msanga. Anapukuta manja pabuluku, anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo chifikireni ine pachipatalapo.

"Zikomo, atekiniko, mwagwira ntchito. Koma ndifunseko chimodzi, mundikhululukire. Zoti kanthu kanuko kamaiwala mukadutsa pamango, munazitulukira liti?"

Ndinayankha kuti kalekale, tsiku lomwe ndinakapanga.

"Ndiye tsiku lija pakhonde, ashefi akundinyoza pamaso pa ana anga, inu munali mukudziwa."

Sanakweze mawu. Ndinafuna kunena za anthu makumi atatu a kumsonkhano, za dzina langa lokatchulidwa kuchigawo, koma m'kamwa mwanga zonsezo zinanunkha ndisanazitulutse. Ndinangoti eya, ndinkadziwa.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anatenga makiyi aja n'kuwaika m'thumba la malaya.

"Ashefi aja sandidziwa, ndi mlendo. Ine pakhonde paja sindinkamvera iwo ayi. Ndinkadikira inu."

Lolemba anabwera m'mamawa monga kale, anasesa, anatunga madzi, analemba nambala yawo pakhoma. Anagwira zaka ziwiri zotsalazo mpaka kupuma bwinobwino. Tsiku lililonse ankandipatsa moni waulemu wonse, chipewa m'manja, maso pansi, ndipo chilichonse chimene ndanena ankayankha kuti, "Ndamva, shefi."