Mahedifoni atatu a amalume

Ndani ananena kuti mwayi sudikira munthu? Ine ndinazikhulupirira, amalume, ndipo mpaka lero zimandiwawa. M'ma 90 muja, nditangomaliza ku yunivesite, munandiitanira kuseri kwa loji ya ku Mfuwe kumene munkakonza zamagetsi. Mlendo wina anali atakusiyirani ampulifaya ya timababu tagalasi, ndipo patebulo munayala mahedifoni atatu, amodzi omanga ndi waya. "Makutu anga atha, mphwanga," munatero. "Undimverere, undiuze abwino ndi ati. Koma dikira faifi minitsi, timababuti titenthe kaye." Ine mtima unali pa minibasi ya ku Chipata, kokasaka ntchito. Ndinangogunditsa amodzi kukhutu, nyimbo isanamveke n'komwe, n'kunena kuti, "Onse n'chimodzimodzi, zakalezi tayani." Munaseka pang'ono n'kuzimitsa. Pobwerako ine, anandionetsa manda anu.

Dzulo mwana wanu anandibweretsera katoni ya zinthu zanu, ampulifaya ija ili momwemo. Lero ndaiyatsa, ndakhala pansi mpaka timababu tafiira, kenako ndamvera mahedifoni onse atatu aja mosathamanga. Abwino ndi a waya aja, amalume.